Ndalama yomwe imatulukira pa tsamba lomaliza la tikiti ya ndege

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds, kuno ku UK. Akufuna kupita kumudzi pa Khrisimasi ndi ana awiri, ndipo akuti akangofika polipira ndi khadi pa intaneti, mtengo wa tikiti umakwera. Akufunsa kuti angazipewe bwanji. Achemwali, funso lanuli landikumbutsa zowawa, choncho mundilole ndiyambire kutali.

Bambo anga anamwalira ku Dedza mu 2016. Foni inalira cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo nditangoona dzina la achimwene ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Anati akuluakulu agwirizana kuti thupi likhale ku mochale masiku atatu basi, ndikachedwa aika ine kulibe. Ndinakhala pansi m'khitchini muno mu Nottingham, chovala cha kuntchito chili m'thupi, n'kutsegula laputopu. Ndinapeza tikiti yochokera ku Heathrow, kudzera ku Addis Ababa, kukatera pa Kamuzu International Airport. Ndinaipeza pa tsamba lina la ogulitsa matikiti, osati la kampani ya ndege. Nambala ya pasipoti ndinailemba katatu chifukwa manja ankanjenjemera. Nditafika kumapeto, pansi penipeni panatulukira kamzere ka zilembo zing'onozing'ono, kondiuza kuti ndiwonjezere ndalama chifukwa ndikulipira ndi khadi ya ngongole. Pambali pake kawotchi kankawerenga mphindi zotsala kuti mpando andilande.

Ndinalipira. Ndikanatani?

Ndalamayo sinali yoti n'kugwetsa munthu, koma ndinaikumbukira nditakhala pasiwa, ndikuona azakhali akuwerenga timakwacha ta chipepeso kuti agule nyemba ndi nkhuni zoti anthu adye. Yomwe inapita pa kamzere kaja ikanadyetsa anthu onse amene anagona panja usiku umenewo. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo sindivomera munthu akamandiuza kuti ndi mmene bizinesi imayendera. Ngati kulandira khadi kumawadyera ndalama, aiphatikize mu mtengo umene akuonetsa poyamba, tonse tiuone. Kudikira kuti munthu alembe mayina, asankhe mpando, atope, kenako n'kumutulutsira ndalama ina, kumeneko ndi kutchera msampha. Ndipo amene amakodwa kwambiri ndi ife amene sitikwera ndege pokasangalala. Timakwera chifukwa kwagwa maliro, mayi agonekedwa m'chipatala, kapena mwana wa mlongo akukwatiwa ndipo tilibe tsiku lina loti tisankhe.

Abale kumudzi saziona zimenezi. Amaona munthu akutsika ndege ndi masutikesi awiri, osadziwa kuti tikitiyo ndi mashifiti angati a usiku osamalira okalamba, msana ukuwawa. Sindikuwadzudzula, nawonso ali pamoto. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale amene ali pa ntchito yabwino ku Lilongwe amavutika kugula chinthu cha madola ndi khadi yawo chifukwa ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Mapeto ake tikiti ya aliyense m'banja imagwera ife akunja. Chaka chatha ndinagulira mphwanga tikiti yochokera ku Chileka kupita ku Johannesburg, ndipo pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti msampha uja unangosintha malo.

Paja kuno ku UK, kuyambira pa 13 January 2018, lamulo linaletsa ogulitsa kuwonjezera ndalama chifukwa choti munthu wamba walipira ndi khadi yake, kaya ya debit kapena ya ngongole. Mayiko a European Union anachitanso chimodzimodzi nthawi yomweyo. Makhadi a kampani okha ndiwo lamuloli silinawateteze. Ndinasangalala nditamva, koma ogulitsa ena anangoisintha dzina ndalama ija, n'kuyamba kuitcha ya ntchito yokonza tikiti, yomwe amalipiritsa aliyense. Ndiye pali nkhani ya kusintha ndalama, yomwe ineyo ndimaiona kuti ndiyo mbava yaikulu. Tikiti ya mphwanga ija inali ya madola. Tsambalo linandifunsa mokoma ngati ndingakonde kuona mtengo m'mapaundi, ine n'kuvomera poganiza kuti akundithandiza. Sindinadziwe kuti ndawapatsa mphamvu yosintha ndalamayo pa mtengo wawo, woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Ndinazindikira nditayerekeza sitetimenti ya kubanki ndi mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Chinanso, mabanki ambiri kuno amadula pafupifupi 3 peresenti ukagula chinthu mu ndalama ya dziko lina, ndipo imeneyo siioneka pa tsamba la tikiti ngakhale pang'ono. Umangoipeza itachoka kale.

Ndiye muchite chiyani, achemwali?

Fufuzani mitengo paliponse pamene mukufuna, koma musanalipire tsegulaninso tsamba la kampani ya ndegeyo la kuno ku UK, lomwe limagulitsa m'mapaundi. Fikani mpaka pa tsamba lomaliza mbali zonse ziwiri, muyerekeze ndalama yeniyeni yomwe ichoke, osati yomwe inakukopani poyamba. Gwiritsani ntchito khadi yanuyanu, osati ya kuntchito. Tikiti ikakhala ya madola kapena marandi, lipirani mu ndalama yomweyo, mukane zoti akusinthireni, ndipo ngati n'kotheka mukhale ndi khadi yosadula ndalama pogula zinthu zakunja.

Musathawe khadi ya ngongole n'kukatumiza ndalama ku akaunti ya munthu amene mwamupeza pa WhatsApp chifukwa wati zitsikirako. Mukagula tikiti yoposa £100 ndi khadi ya ngongole mwachindunji ku kampani ya ndege, Section 75 ya lamulo la za ngongole la kuno, la Consumer Credit Act la 1974, imakutetezani kampaniyo ikagwa. Ndalama yotumiza pa akaunti ilibe chitetezo chimenecho. Ndipo ngati tsamba la kuno ku UK likukuwonjezeranibe ndalama chifukwa cha khadi yanu, lijambuleni ndi foni musanatseke, mukadandaule ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, kuti nkhaniyo ikafike ku Trading Standards, ofesi yoona kuti ogulitsa akutsata malamulo.