Yankho pa nkhani yosintha poto ya kamtengo ka olivi

Achimwene, mwafunsa ngati mungasinthe poto ya kamtengo kanu ka olivi ka bonsai (mtengo wodzala m'poto, womaudulira kuti usakule). Musakasamutse pano kamtengoko, dikirani kumapeto kwa Julayi kapena Ogasiti kasanayambe kuphukira. Ine kanga ndinakasintha poto mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi mukulidziwa, masamba onse anayoyoka, kanatenga miyezi kuti kadzuke. Mizu musadule yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu, olo mukufuna bonsai yaing'ono bwanji. Dothi lakudambo ayi, olivi amadana ndi madzi okhazikika, ine ndimasakaniza mchenga wokhakhala, njerwa zoswaswa ndi manyowa pang'ono basi, poto ikhale yoboola pansi. Mukatero kaikeni pamthunzi masabata awiri, waya wopindira nthambi mudzamange kakagwira. Koma mukaona masamba akuda ngati mwaye kapena tizilombo tomata pa nthambi, kaonetseni kwa alangizi a zaulimi musanapopere mankhwala.