Kodi ku SOB's ya ku New York samba ikadalipo?

Achemwali, mwafunsa ngati malo oimbira aja otchedwa SOB's ku New York akadali a nyimbo za ku Brazil, poti pa ndandanda wawo mukungoona oimba hip-hop ndi R&B. Maso anu sakukunamizani ayi. Komabe ine ndikuti mukapiteko ndithu, bola musankhe bwino tsiku.

Malowa ali pa 204 Varick Street, kumunsi kwa Manhattan, pafupi penipeni ndi siteshoni ya sitima ya Houston Street. Adawatsegula ndi a Larry Gold mu 1982, ndipo dzina lake lonse ndi Sounds of Brazil. Pa nthawiyo anthu a ku America ankaidziwa kale bossa nova, mtundu wofatsa wa nyimbo za ku Brazil, poti mu 1962 oimba ngati João Gilberto ndi Tom Jobim adaimba ku Carnegie Hall, holo yotchuka ya ku New York. Koma kumeneko munthu umakhala pampando n'kumaomba m'manja mwaulemu. Samba siyenda choncho. Imafuna ng'oma yaikulu ya surdo izigunda mpaka m'chifuwa, anthu atapanikizana, thukuta lili kamukamu. SOB's ndi chipinda chotenga anthu mazana ochepa chabe, woimba ali pomwepo maso ndi maso, ndipo pabwalo laling'onolo padaimapo akatakwe monga Gilberto Gil, yemwe pambuyo pake adakhala nduna ya zachikhalidwe ku Brazil kuyambira 2003 mpaka 2008, komanso Jorge Ben ndi Astrud Gilberto.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi anthu wamba. A ku Brazil okhala ku Astoria, dera la mu New York momwemo, kapena kutsidya kwa mtsinje ku Newark, ogwira ntchito sabata yonse m'Chingerezi, kwa zaka zambiri Loweruka usiku ankapeza poti avine gule wakwawo, aimbe m'Chipwitikizi mokweza, amwe caipirinha wa kachasu wa nzimbe ndi mandimu, adye feijoada, nyemba zakuda zophikira limodzi ndi nyama ya nkhumba. Amene mukukhala kunja mukudziwa kuti malo otere si ongosangalalirako basi. Ndi komwe munthu amakapumira.

Tsono za hip-hop zija. Ena amati SOB's idataya mwambo chifukwa cha ndalama. Ine sindivomereza zonse. Dziko la Brazil lidalandira akapolo ochokera ku Africa ochuluka kuposa dziko lina lililonse, opitirira 4 miliyoni, ena mwa iwo okwezedwa zombo ku Quelimane, ndipo ukapolo kumeneko udatha mochedwa, mu 1888. Samba idabadwira mwa ana a anthu amenewo. Ndiye malo amene adayamba ndi samba sadasochere pomwe adatsegulira khomo Celia Cruz ndi Tito Puente, akatakwe a nyimbo za salsa, King Sunny Adé wa ku Nigeria, oimba reggae ndi kompa ya ku Haiti, kenaka Kanye West, Drake ndi Kendrick Lamar asanafike podzaza mabwalo akuluakulu. Onsewa ndi mbumba imodzi. Komanso lendi ya ku Manhattan si masewera. CBGB, malo ena oimbira nyimbo za rock ku Manhattan komweko, yotchuka chotere, idatseka mu 2006, pomwe SOB's idakwanitsa zaka 40 mu 2022.

Sindibisa, zimandiwawa kuti mausiku a Brazil adachepa poyerekeza ndi kale. Ndikadakonda achinyamata odzaona woimba rap azipezanso gulu la samba litawatsogolera, amve komwe phokosolo lidachokera.

Musangopita tsiku lililonse ndiye. Yang'anani ndandanda wawo pa intaneti, makamaka nyengo ya Carnaval, chikondwerero chachikulu cha ku Brazil, mu February kapena March, ndi masiku oyandikira pa 7 September, tsiku la ufulu wa Brazil. Gulani tikiti nthawi ikadalipo, tengani chiphaso chanu poti mowa kumeneko sagulitsa kwa munthu wosafika zaka 21, ndipo masana mukadutse pa West 46th Street, komwe amati Little Brazil. Valani nsapato zoti muvine nazo, mipando ndi yochepa.