Funsani Malume: za ulendo wa ku Israel uja mipingo ikusonkherana

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ulendo wa ku malo a m'Baibulo, zikuoneka kuti mipingo ingapo muno mu Harare yayamba kulembetsa maina. Ine ndinapitako kamodzi ndi gulu la mpingo nkhondo ya 2023 isanayambe, ndiye ndiyankha malinga ndi zimene ndinaona. Amene munafunsa za maliro ndi burial society mudikire mwezi wa mawa.

A Malume, ku tchalitchi kwathu kwabwera ejenti akuti tipereke dipoziti msanga malo akutha. Ine ndimagulitsa ku Mbare Musika, ndalama yonse ndilibe koma mnzanga akuti ndikongole, Mulungu adzabweza ndikakaponda dziko loyera. Ndikongole? — Mayi wa chigwirizano, Mufakose

Mayi, musakongole, makamaka katapila ayi ndithu. Ulendowu ndi wa madola masauzande, ndipo mukabwerako mudzapeza tebulo lanu la tomato lili pomwepo ndi mwini ngongole ataima pambali. Asilamu ali ndi lamulo lopita ku Mecca kwa amene angathe, ife Akhristu tilibe lamulo lotero, Yesu yemwe anauza mayi wa ku Samariya pa Yohane 4 kuti nthawi ikudza imene simudzalambira Atate m'phiri ili kapena m'Yerusalemu. Ndiye amene akukuuzani kuti madalitso anu akudikirani ku Ben Gurion eyapoti akungofuna mulipire msanga basi.

Koma sindikuti musapite. Kupita nkwabwino kwambiri, Baibulo mumaliwerenga mwina mukabwerako. Ife gulu lathu tinachita chipereganyu, chija anzathu kuno amati mukando, pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ndalama zinkasungidwa ndi anthu atatu osankhidwa ndi mpingo, osati abusa okha, osatinso ejenti. Za ejentiyo, muuzeni akupatseni pa pepala zonse zimene zili mu mtengowo, tikiti ya ndege, hotela, chakudya kangati pa tsiku, basi, ndalama zolowera pa malo, viza, inshuwalansi, komanso ka ndalama kothokoza dalaivala ndi wokulondolerani chifukwa kumeneko kameneka sikasowa ndipo ife tinakadziwira tili m'basi, anthu anayamba kuyang'anana. Chakudya cha masana nthawi zambiri sichikhalamo. Mufunsenso kuti ulendo ukalephereka ndalama zibwera zingati ndipo liti. Lisiti ikhale ya kampani yokhala ndi ofesi yoti mutha kukagogoda, zotumiza pa EcoCash ku nambala ya munthu amene mwangomuona kamodzi pa guwa nzimene zimaliritsa anthu. Ndikudziwa mpingo wina, sinditchula, anafika mpaka pa eyapoti ndi masutikesi kwaya itawaperekeza, kukapeza kuti maina awo mu ndege mulibe.

Ine ndili ndi pasipoti ya Malawi, akazi anga ya Zimbabwe. Tikhoza kuyenda gulu limodzi? Nanga nkhondo ija? — Bambo wa ku Highfield

Mukhoza, kungoti mapepala anu asiyana. A pasipoti ya Zimbabwe amafunika viza ya Israel asananyamuke, pamene a pasipoti ya Malawi safuna viza pa ulendo wongocheza, koma kuyambira Januwale 2025 amayenera kudzaza chilolezo cha pa intaneti chotchedwa ETA-IL asanakwere ndege. Malawi inatsegulanso ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024. Ngati ulendo wanu ukudutsa ku Jordan ndi ku Egypt amenewo ndi maiko ena, ali ndi malamulo awoawo, ejenti aone pasipoti iliyonse payokha. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yoposa 6. Ndege yolunjika kuchoka pa eyapoti ya Robert Mugabe kukafika ku Tel Aviv palibe, ife tinadzera ku Addis Ababa. Mukafika samadinda mu pasipoti, amakupatsani kakapepala ka buluu, musakataye ngati tikiti ya kombi chifukwa ku hotela amakafuna, ndipo tsiku lopita ku Betelehemu mutenge zonse, pasipoti ndi kakapepalako, Betelehemu ali m'dera la Apalestina ngakhale ndi makilomita pafupifupi 10 okha kuchoka ku Yerusalemu, pamakhala chipata cha asilikali.

Mafunso pa eyapoti amafunsa ambiri, mwalongedza nokha katundu, abusa anu ndani, mugona kuti. Yankhani zoona mwachidule. Ndipo anyamata amene mukuganiza zolowa mu gulu la mpingo kuti mukazembe mukafune ntchito, mukuonongera anzanu obwera m'mbuyo, musatero.

Za nkhondo, kuyambira pa 7 Okutobala 2023 maulendo ambiri anaimitsidwa, ndipo mu Juni 2025 pamene Israel inamenyana ndi Iran ndege zinasiya kutera kwa masiku angapo, alendo ena anachita kutulukira ku Jordan ndi ku Egypt pa msewu. Zinthu zimasintha sabata imodzi. Inshuwalansi zambiri sizilipira za nkhondo, muwerenge timalemba tating'ono tija musanasaine.

Malume ndinabatizidwa ndili khanda ku CCAP. Ndikufuna ndikabatizidwenso mu Yordano momwe anabatizidwira Yesu, ndi tchimo? Komanso azakhali andituma madzi a mu Yordano malita 5. — Mtsikana wa ku Chitungwiza

Mwana wanga yamba wafunsa abusa ako usanakwere ndege, chifukwa ku CCAP, ku Katolika ndi ku Anglican ubatizo ndi umodzi, amagwira Aefeso 4:5, ndiye ukabwera ndi vidiyo utamizidwa nkuiika pa WhatsApp ya mpingo usadabwe akakuitana ku bwalo la akulu. Zimene magulu a mipingo imeneyi amachita nkuima m'mphepete kapena kulowa mpaka m'maondo, kuwerenga Mateyu 3, kukumbukira malonjezo a ubatizo, kuimba, basi. A mipingo ya Pentekoste ambiri amamiza, zimenezo ndi za mpingo wawo.

Koma udziwe kuti malo obatizira alipo angapo. Pali Yardenit, pamene mtsinje ukutuluka mu nyanja ya Galileya, pamenepa ndi pokonzedwa bwino, mitengo, zipinda zosinthira, mikanjo yoyera yobwereka, koma anangopakonza m'zaka za m'ma 1980 kuti alendo apeze polowera. Kumene Yohane ankabatiza ndi kumunsi kufupi ndi Yeriko, mbali ya Yerikoyo amati Qasr al-Yahud, tsidya linalo la Jordan amati Al-Maghtas, ndipo Yohane 1:28 akunena za Betaniya tsidya lija la Yordano. Ndisakunamize, nditafika pamenepo ndinakhumudwa kaye. Nyimbo zathu zija za kuoloka Yordano zinandipatsa chithunzi cha chimtsinje ngati Shire, kukapeza kamtsinje ka matope, kopapatiza koti munthu wa tsidya lina mutha kupatsana moni osakuwa, madzi ambiri amapatutsidwa kumtunda kukathirira minda ndi kumwa. Ndinamumvetsa Namani uja wa pa 2 Mafumu 5 amene anakwiya kuti mitsinje ya kwawo ku Damasiko ndi yabwino kuposa apa. Kenako amayi ena anayambitsa nyimbo ndipo tonse tinalira, kaya chinachitika nchiyani.

Za malita 5 a azakhali, sikelo ya pa eyapoti ikuyankha. Tenga kabotolo kakang'ono ka chikumbutso uike mu sutikesi yaikulu. Asamwe, madziwo si aukhondo. Ndipo ndi madzi basi, olo wina muno mu tauni akugulitseni pa madola 20 kuti amachotsa minyama.

Mwana wanga anandionetsa pa foni kuti manda a Yesu alipo awiri ku Yerusalemu. Zoona? Ngati anthu sakugwirizana pa manda, tikupitiranji? — Mkulu wa mpingo, Mbare

Zoona bambo, ndipo mukawaona onse awiri. Oyamba ali m'kati mwa tchalitchi chachikulu cha Holy Sepulchre mu mzinda wakale. Tchalitchi choyamba pamalopo anachimanga mfumu ya Aroma Constantine, mayi ake Helena atayendera dzikolo cha m'ma 326, ndipo chinatsegulidwa mu 335. Anthu amadodoma kuti bwanji chili m'kati mwa linga pamene Ahebri 13:12 akuti Yesu anazunzika kunja kwa chipata, koma linga limene mukaone lero ndi la m'zaka za m'ma 1530, pa nthawi ya Yesu malowo anali kunja, pokumba miyala pakale pokhala ndi manda. Mu 2016 akukonza kanyumba kophimba mandawo anatsegula mwala wa pamwamba, ndipo dothi lomangira limene analipeza ataliyeza linaonetsa zaka za nthawi ya Constantine yomweyo. Akatswiri ambiri ofukula zakale amatsamira kumeneku.

Koma konzekani, simukapezako bata. Mdima, lubani, makandulo, mzere wa maola, wansembe akukufulumizani musanamalize ndi Atate wathu yemwe. Mipingo 6 imagawana nyumbayo, Agiriki, Akatolika, Aarmeniya, Akoputiki a ku Egypt, Asiriya ndi Aitiyopiya, ndipo sagwirizana mpaka makiyi a chitseko amasungidwa ndi mabanja a Chisilamu kwa zaka mazanamazana. Pa windo lina pamwamba pa khomo pali makwerero a thabwa amene akhala pamenepo kuyambira zaka za m'ma 1700 poti palibe mpingo ungawasunthe wokha. Inu mkulu wa mpingo amene munakhalapo pa msonkhano wokambirana za mabenchi mukamvetsa. Mupemphe wokulondolerani akukwezeni padenga pamene amakhala amonke a ku Ethiopia m'tinyumba tadothi, ambiri amapadumpha pamenepa koma ine mpamene ndinamva ngati ndafika kwathu.

Achiwiri ndi Garden Tomb, kunja kwa chipata cha Damasiko, pafupi ndi pokwerera mabasi. Awa anatchuka m'zaka za m'ma 1880 msilikali wa ku Britain Charles Gordon atanena kuti thanthwe la pafupi likuoneka ngati bade. Pali munda wa maluwa, mabenchi, mpata woimba ndi kudya mgonero, ndiye ife a Chipulotesitanti timapakonda. Kungoti ofukula amati mandawo ndi akale zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, pamene Yohane 19:41 akuti anali manda atsopano. Osamalira malowo nawonso sakakamira, amangoti akhoza kukhala amenewa. Ine ndimati mbiri ili ku Holy Sepulchre, popempherera mofatsa ndi ku Garden Tomb, pitani konse.

Ndipo si zonse zokayikitsa ayi. Nyanja ya Galileya ndi yomweyo, Phiri la Azitona ndi lomwelo, Kaperenao mabwinja ake alipo. Nyanjayo kutalika kwake ndi makilomita 21 okha, munthu wa ku Nkhotakota akhoza kuseka, koma ukakhala pa boti pakati nkuzimitsa injini, uona mapiri omwe ankaona Petro. Mu 1986 madzi ataphwera anapeza ngalawa ya nthawi imeneyo m'matope, ili ku Ginosar. Njira yochoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko ndiye inanditsegula maso, mawu aja akuti munthu anatsika si okometsera, umatsikadi mpaka makutu kutsekeka, chipululu chokhachokha, malo abwino achifwamba.

Amayi anga ali ndi zaka 72, ali ndi shuga ndi maondo, koma akuti sabwerera osakwera phiri la Sinai ndi kuona mapiramidi amene anamanga ana a Israeli. — Mwana wawo, Dzivarasekwa

Sinai ndi mamita 2,285, anthu amanyamuka cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku kuti dzuwa likawatulukire pamwamba, kumazizira kuposa Juni wa ku Marondera. Ngamila zilipo koma zimakusiyani panjira, masitepe omaliza pafupifupi 750 ndi a miyendo yanu. Amayi atsale m'munsi ku nyumba ya amonke ya St Catherine, yomangidwa m'zaka za m'ma 500, nayonso ili nzoona zambiri. Muwanyengerere ndi phiri la Nebo ku Jordan pamene Mose anaonera dziko la malonjezo, kumeneko basi imafika pamwamba. Yerusalemu wakale naye ndi masitepe ndi miyala yoterera, ndiye nsapato zafulati zozolowera kale, mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja ndi kalata ya adokotala. Ku Nyanja Yakufa asakhalitse m'madzi ndipo madziwo asalowe m'maso, mcherewo ndi woopsa.

Mapiramidi akaone, koma muwauze mwaulemu kuti sanamange ana a Israeli. A ku Giza anamangidwa zaka pafupifupi 2,500 Yesu asanabadwe, Abrahamu yemwe asanabadwe. Eksodo 1:11 akuti iwo anamanga mizinda ya Pitomu ndi Ramesesi, ndipo ntchito yawo inali ya njerwa.

Nsima iliko? — Wowerenga, Epworth

Kulibe achimwene. Buledi wafulati, mpunga, nkhuku, masamba osaphika ambirimbiri ndi chipere cha nsawawa zawo amati hummus. Ku Galileya akakupatsani nsomba ya Petro, ndi mtundu wa chambo ndithu, mukangosowa chotsira. Mahotela ambiri sasakaniza nyama ndi mkaka, ndiye tiyi wamkaka pa chakudya cha madzulo musamuyembekeze, ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo lifiti ina imaima yokha pa nsanjika iliyonse, siinaonongeke, ndi Sabata. Bambo wina wa gulu lathu anayesa kuphika nsima mu ketulo ya mu chipinda tsiku lachisanu, ketuloyo tinasonkherana kulipira.