Makina otakasa nsima omwe kulibe, ndi soketi yomwe ilipo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, ndipo ndiifupikitsa. Amuna awo ali ndi nthabwala yomwe banja lonse linaizolowera. Nsima ikachedwa, iwo amalengeza kuti makina amagetsi otakasa nsima afa, pomwe makina oterowo mulibe m'nyumbamo. Kenako amaitana mwana wawo wamwamuna wa zaka 5, awiriwo n'kukwawira kunsi kwa tebulo atatenga supuni. Amagogoda miyendo ya tebulo, kutchera khutu, kukangana ngati vuto ndi fyuzi kapena lamba, mpaka nsima itafika, ndiye amati makina adzuka. Posachedwapa mayiwa anapeza mwanayo atanyonyomala pa soketi ya pabalaza, msomali uli m'manja, akuti akukonza makina a nsima. Mwamwayi anali asanaulowetse. Apongozi awo akuti masewerawa athe lero lomwe, bambo akuti ndi nthabwala chabe, ndipo mayiwa akufunsa kuti atsate ziti.

Mayi, mantha anu ndi oyenera, ndipo munthu asakuuzeni kuti mukukokomeza. M'soketi imeneyo muli mphamvu ya mavoti 230. Batire la tochi lili ndi 1.5, kutanthauza kuti za pakhomazo zimaposa batirelo maulendo opitirira 150. Mwana wogwira msomali, wopanda nsapato, ataima pa simenti yachinyezi ngati ya m'nyumba zathu zambiri nthawi ya mvula ya kuno, ndiye njira yomwe magetsi amaifuna kuti atsikire pansi. Akadutsa pachifuwa amasokoneza kagundidwe ka mtima, komanso amaumitsa minofu ya dzanja moti wogwidwayo amalephera kusiya chomwe wagwira. Choncho nkhaniyi musaigoneke.

Komabe yankho langa ndi lakuti masewerawo musawaphe. Asintheni, ndipo kusinthako kuyambe ndi bambo.

Ndikutero chifukwa zomwe bambo ndi mwanayo akuchita kunsi kwa tebulo ndi za mtengo wapatali. Ndi masanje amene aja, omwe ana amaphika dothi m'zitini, wina kukhala bambo, wina mayi, wina fisi. M'masanje mwana amayeserera ukulu asanaufike. Mwana wanu akamagogoda mwendo wa tebulo n'kutchera khutu, akuphunzira kuti chinthu chikafa pamakhala chifukwa, kuti chifukwacho chimafufuzidwa, ndiponso kuti iyeyo angathe kuchifufuza. Pamwamba pa izo akuseka ndi bambo ake madzulo, zomwe ana ambiri amazisowa. Mukaziletsa mwaukali, mwana sasiya kufuna kukonza zinthu. Amangosiya kuchitira pamaso panu, n'kukachitira kuchipinda chitseko chili chotseka, ndipo kumeneko ndiye koopsa.

Tsopano ndikufunseni funso lomwe likundivuta kwambiri pa kalata yanu. Kunsi kwa tebulo kulibe soketi, ndipo bambo amagwiritsa ntchito supuni. Nanga mwanayo anadziwa bwanji kuti wokonza zamagetsi amatenga kanthu kosongoka n'kupita nako pabowo la pakhoma? Ndikukayika kuti anazitenga ku nthabwalayo. Yang'anani mmene akuluakulu a m'nyumbamo amalowetsera chaja ya foni. Masoketi athu ndi a mabowo atatu, ndipo yopangidwa bwino imakhala ndi tizitseko m'kati totseka mabowo awiri a m'munsi, omwe muli moto. Tizitsekoto timatseguka pokhapokha mwendo wautali wa pulagi, wa pamwamba uja, walowa. Anazipanga dala choncho poganizira ana. Koma chifukwa machaja ambiri ndi zipangizo zina zomwe timagula m'misika zimabwera ndi miyendo iwiri, tinazolowera kutenga chivindikiro cha cholembera, kamtengo ka machesi kapena kiyi, n'kubaya bowo la pamwamba kuti pulagi ilowe. Ena pulagi ikathyoka amangolowetsa mawaya osenda n'kuwapanikiza ndi machesi. Mwana wa zaka 5 amaona zonsezi tsiku ndi tsiku, ndipo kwa iye phunziro lake ndi lomveka: pabowo paja amabayapo, ndipo akabaya chinthu chimayaka. Ngati m'nyumba mwanu mumachitika zimenezi, zisiyeni lero, kaya mwana akuona kaya sakuona. Adaputala yabwino ya miyendo itatu siidula poyerekeza ndi zomwe ikuteteza. Chipangizo cha mawaya osenda chiikidwe pulagi, apo ayi chisungidwe kaye.

Muonenso ma ekisitenshoni. Ambiri otchipa alibe tizitseko tija, mabowo ake ndi aakulu olandira pulagi ya mtundu uliwonse, ndipo amakhala pansi penipeni pomwe mwana amasewera. Akwezeni pamwamba, kapena muwabise kuseri kwa kabati yolemera. Soketi yosweka kapena yogwedera isinthidwe.

Pali chinthu china chomwe ana a m'dziko muno amaphunzira msanga, chomwe ndi choopsa mwakachetechete: kuti magetsi akazima, mawaya alibe kanthu. Magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe Ana mu January 2022 pomwe Kapichira inawonongeka. Ana athu akulira m'nyengo zoterezi, ndipo amadziwa kufuula kuti "abwera!" babu likayaka. Koma magetsi pobwera saodira. Mwana yemwe walowetsa msomali nthawi ya mdima n'kuona kuti palibe chachitika amakhulupirira kuti pabowopo ndi pabwino, ndipo tsiku lina adzabwereza magetsi alipo, kapena magetsiwo adzabwerera dzanja lili pomwepo. Muuzeni mobwerezabwereza kuti soketi imaluma ngakhale nyumba ili mumdima. Ngati muli ndi sola yokhala ndi inverter, kabokosi kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, dziwani kuti nayonso imatulutsa mavoti 230 omwewo, ngakhale kuti batire lake ndi la mavoti ochepa.

Tibwere kwa bambo. Bambo, ngati mayi akuwerengerani kalatayi, ine sindikukudzudzulani. Nthabwala yanu ndi yabwino, ndipo mwana wanu amakuonani ngati mmisiri wamkulu pa dziko lonse. Chifukwa cha chimenecho, chilichonse chomwe manja anu achita m'masewerawo iye amachisunga kuposa mawu. Ndiye ikanimo mwambo wa mmisiri weniweni. Musanakwawire kunsi kwa tebulo, imani, nenani mokweza kuti "choyamba tizimitse," dinani swichi yongoyerekeza, zulani pulagi yongoyerekeza, muionetse kwa mwana kuti yazulidwadi. Funsani ngati manja ali ouma, ndipo nonse muwapukute. Funsani ngati mwavala nsapato. Tsiku lina muyerekeze kuiwala, kuti iye akukumbutseni, ndipo akakukumbutsani mumuyamikire kwambiri pamaso pa onse. Ana a msinkhu umenewu amakonda malamulo a masewera kuposa mmene timaganizira, ndipo amakondwa kwambiri akagwira wamkulu akuwaphwanya. Nthawi zina masewerawo athere poti "vuto ili latikulira, tiitane amisiri," kuti adziwe kuti ngakhale bambo ali ndi malire, ndipo kuitana wodziwa si manyazi.

Chachiwiri, makinawo apatseni thupi. Pakali pano ali m'malere, ndiye mwana akhoza kuwaika paliponse, kuphatikizapo pakhoma. Pezani katoni, muijambule mabatani, muboole pomwe pazilowa mthiko, mumangirire zitsekerero za mabotolo ndi chingwe cha chisaka. Kuyambira pamenepo makina otakasa nsima ndi katoniyo basi, malo ake ndi kunsi kwa tebulo kapena pakhonde, kutali ndi soketi. Zida zake zikhale zamtengo kapena zapulasitiki, zisungidwe m'kathumba kake. Misomali, mawaya ndi masikuludiraiva enieni zikwere pamwamba. Lamulo likhale limodzi lalifupi loti mwana angathe kulinena yekha: za pakhoma ndi za akuluakulu. Musamupatse chingwe chakale chokhala ndi pulagi yeniyeni kuti aziseweretsa, ngakhale chitaduka, chifukwa pulagi yeniyeni imalowa m'soketi yeniyeni, ndipo mbali yodukayo imasanduka waya wamoto m'dzanja lake.

Akamakula, chidwi chimenecho chidzafuna zoposa katoni, ndipo apo mpamene ndimasangalala napo. Mwana wa zaka 7 kapena 8 angathe kuyatsa kababu ka tochi ndi mabatire awiri ndi tiwaya, bambo ali pambali. Pamenepo amaona ndi maso ake kuti magetsi amafuna njira yozungulira, kuti ukadula penapake babu limazima, ndipo kuti swichi ndi podulira chabe. Mabatire a tochi ndi a wailesi sangamugwire. Koma timabatire tating'ono tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole tisakhale pafupi ndi mwana wamng'ono, chifukwa akameza timawotcha kummero m'maola ochepa. Mabatire a foni asabooledwe kapena kupindidwa, amayaka moto. TV yakale ya chimsana ija ndi microwave zisatsegulidwe ndi mwana ngakhale zitafa kalekale, chifukwa m'kati mwake muli zida zomwe zimasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa. Izi ndikuzinena chifukwa m'makomo ambiri zinthu zakufa timaziponya kuseri kwa nyumba, komwe ana amakazipeza.

Sindikufuna kukulonjezani kuti mwana aliyense wogogoda tebulo adzakhala injiniya. Koma dziko lino lili ndi chitsanzo chomwe tonse timachidziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali mnyamata wa zaka 14 pomwe anamanga makina amphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga, mitengo ya bulugama ndi zitsulo zotola kudzala, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi. Anthu ambiri ankamuona ngati wozungulira mutu. Chomwe anali nacho ndi chidwi chomwechi chofuna kudziwa za m'kati mwa chinthu, ndi mabuku a ku laibulale yaing'ono. Kuno kwathu njira zilipo zoti chidwi chotere chikule mwadongosolo: Mzuzu Technical College imaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), ku Luwinga, kuli maphunziro a za mphamvu zongowonjezereka monga za dzuwa. Mwana wanu akadali kutali ndi zimenezo, koma mbewu yake ndi yomweyi yomwe apongozi akufuna izulidwe.

Mayi, apongoziwo musakangane nawo. Iwo aona ngozi, ndipo ngoziyo ilipodi. Auzeni zomwe mwasintha m'nyumba, aonetseni katoni ija, ndipo apempheni kuti akhale woyang'anira lamulo la pakhoma. Agogo akapatsidwa udindo wotere sausiya.

Pali ntchito ina yomwe si ya bambo, si yanu, koma ya mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Muitaneni adzaone bokosi la maswichi lomwe lili pafupi ndi mita. Mufunseni ngati muli chida chomwe chimazimitsa magetsi chokha akayamba kudutsa m'thupi la munthu, chomwe amisiri amachitcha earth leakage. Cha m'nyumba chimalembedwa 30mA, ndipo chimakhala ndi kabatani koyesera; mukakadina magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo. Nyumba zambiri zakale ndi zina za lendi zilibe chida chimenechi. Mabureka wamba, maswichi a m'bokosimo omwe amagwa okha magetsi akachuluka, amateteza mawaya kuti asapse, koma mphamvu yokwana kuimitsa mtima wa mwana ndi yochepa kwambiri moti bureka wamba saimva. Aonenso ngati waya wa earth, wotayira magetsi osokera m'nthaka, ulidi wolumikizidwa pansi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambiranani ndi eni ake, ndipo nkhani ya msomali ija muwauze momwe inachitikira. Mukamasintha fyuzi ya m'pulagi, ikani fyuzi yeniyeni: ya 3A pa zinthu zazing'ono monga nyale ya patebulo, ya 13A pa ketulo, ayironi ndi hita. Kukulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira kapena kulumikiza ndi kawaya ndi kuchotsa mlonda pakhomo, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, pomwe mahita amayaka usiku wonse, zimenezi zimayambitsa moto.

Aliyense wamkulu m'nyumbamo, ngakhale mtsikana wothandiza ntchito ngati alipo, adziwe pomwe pali swichi yaikulu ndipo azitha kuifikira mumdima. Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja, chifukwa nanunso akugwirani. Thamangirani kuzimitsa swichi yaikuluyo kapena kuzula pulagi. Ngati simungathe, imani pouma ndipo mumukankhe ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache. Akakhala kuti sakupuma, yambani kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu komanso mofulumira pomwe wina akufuna galimoto. Ndipo ngakhale mwana atadzuka n'kuyamba kusewera, kabala kali kakang'ono pa chala, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Magetsi amawotcha m'kati kuposa zomwe zimaoneka pakhungu, ndipo madokotala amafuna kumva mmene mtima ukugundira. Kuchokera ku Chibavi, Mzuzu Central Hospital si patali.