Mwaitanidwa ku intavyu ya uhedi? Konzekani motere

Mayi wina amene akuphunzitsa kupulayimale cha ku Santhe, m'boma la Kasungu, watilembera kuti: "Andiitana ku intavyu ya uhedi. Ndiwerenge chiyani, nanga amakonda kufunsa zotani?"

Zikomo aphunzitsi. Zowerenga si zambiri: lamulo la maphunziro la 2013, National Education Standards ya 2015, ndi malamulo a ogwira ntchito m'boma okhudza mwambo wa pantchito. Ngati mulibe, kafunseni a PEA (alangizi a zamaphunziro a m'zoni yanu) ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoniyo. Pemphaninso ahedi anu akutsegulireni log book, admission book, time book ndi cash book, muone mmene amalembera. Ambiri amangodziwa maina a mabukuwa, koma akafunsidwa cholembedwamo amasowa chonena.

Pamene anthu amagwera kwambiri ndi pa mafunso a "mungatani". Akati mphunzitsi wina amajomba tsiku lililonse la msika, kapena amabwera atamwa, musayankhe kuti "ndingamulangize" n'kukhala chete. Akufuna amve ndondomeko. Mumuitana muofesi, wachiwiri wanu ali pomwepo, n'kumva mbali yake. Akapitiriza, chenjezo lapakamwa, ndipo mulemba tsiku lake mu log book. Kenako chenjezo la kalata, iye asayine, kope lipite kwa a PEA. Nenani momveka kuti hedi alibe mphamvu yochotsa munthu ntchito. Mlandu wopanda cholembedwa umafera m'njira, n'chifukwa chake ofunsa amatchera khutu pa mawu akuti "ndilemba".

Za ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, musayerekeze kunena kuti mudzagula zimene mwaona kuti zikusoweka. Ndalamazi zimatsata SIP, pulani yotukula sukulu imene mumapanga ndi SMC (komiti yoyendetsa sukulu), PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), mother group (gulu la amayi othandiza ana asukulu) ndi mafumu. Hedi satapa yekha kubanki, chogula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo makolo auzidwe pamsonkhano mmene zayendera.

Funso la mtsikana woyembekezera silikonda kusowa. Ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka, ndipo a mother group ndi amene amamuyendera. Ngati mimbayo ndi ya mphunzitsi, imeneyo si nkhani yokambirana pansi pa mtengo ayi. Ipite kuofesi ya maphunziro ndi kupolisi.

Zitsanzo zikhale za kwanu konkuno. Ku Kasungu ana amachepa m'kalasi nthawi yosoka ndi kusankha fodya, ndiye fotokozani mmene mungagwiritsire kaundula wa m'kalasi kupeza ojomba, n'kukawadziwitsa anyakwawa. Lowezaninso manambala a sukulu yanu: ophunzira angati, aphunzitsi angati, ndi mmene ana anakhozera mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) zaka zitatu zapitazi.

Intavyu imachitika m'Chingerezi, choncho mnzanu azikufunsani madzulo, inu n'kumayankha mokweza, yankho lililonse lisapitirire mphindi ziwiri. Tsikulo nyamulani kalata yokuitanani, chiphaso cha unzika ndi masatifiketi enieni a MSCE ndi a uphunzitsi pamodzi ndi mafotokope ake. Ngati malowo ndi akutali, kagoneni pafupi dzulo lake, makamaka nyengo ya dzinja pamene misewu yafumbi imavuta.