Njinga ikutentha, kilatchi ikuterereka, magiya akulimba: kodi tiphwasule injini?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndinagulira mwana wanga kanjinga kamoto koyendera m'tchire, ka 125cc, kozizira ndi mphepo, ka magiya anayi ndi leva ya kilatchi. Kakangoliza kumene kamayenda bwinobwino. Koma akakwera mphindi 20 kapena 30, makamaka mumchenga, injini imatentha mpaka kununkha. Pachitunda imangolira, liwiro osaoneka. Akaima giya imalimba, ndipo nyutulo sapezeka mpaka atazimitsa injini. Mwezi watha ndinasintha oyilo, ndinathiramo wotsala wa galimoto yanga. Makaniko wina akuti tiphwasule injini yonse. Ndilole?"

Bambo, musalole. Osati pakali pano. M'kalata yanu muli mawu awiri amene andiuza zambiri kuposa ena onse: akuti nyutulo amapezeka injini ikazima, ndi akuti munathira oyilo wa galimoto. Magiya othyoka kapena opindika sachira chifukwa choti injini yazima. Ngati ikazima giya ikulowa mofewa, ndiye kuti bokosi la magiya lilibe mlandu. Chimene chikuchitika n'chakuti kilatchi sikumasula kwathunthu, ndipo magiya amakhala akukokedwa ngakhale mwana wafinya leva.

Mukuona ngati matenda ndi atatu, koma ine ndikuona amodzi. Pa injini zazing'onozi oyilo amakhala wochepa, lita imodzi kapena kucheperapo, ndipo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, amasambitsa mapuleti a kilatchi, n'kudzozanso magiya. Kilatchi ikamaterereka imatulutsa kutentha ngati mmene zikhatho zimatenthera mukazikhulanitsa. Kutenthako kumalowa mu oyilo, oyilo amasanduka ngati madzi, injini yonse n'kutentha. Mapuleti achitsulo akapsa amapindika, ndipo puleti yopindika simasula bwino. N'chifukwa chake njinga imodzimodziyo ikutha kuterereka pachitunda koma n'kumakakamira poima, zinthu zooneka ngati zosemphana.

Tiyambe ndi oyilo uja. Kilatchi ya galimoto yanu ndi youma, sikumana ndi oyilo wa injini. Choncho opanga oyilo wa galimoto amaikamo mankhwala oterereretsa zitsulo kuti galimoto isamamwe mafuta ambiri. Pa botolo, m'kachizindikiro kozungulira kaja, mumapeza mawu akuti Energy Conserving kapena Resource Conserving. Kwa galimoto n'zabwino. Koma kilatchi ya njinga imadalira kugwirana kwa mapuleti, ndiye mankhwalawo amaichotsera mphamvu. Vutoli ndi limene linachititsa kuti mu 1998 ku Japan akhazikitse muyezo wa oyilo wa njinga zamoto wotchedwa JASO T903. Pogula yang'anani JASO MA kapena MA2. MB musiyeni, ameneyo ndi wa masikuta amene kilatchi yake sili mu oyilo. Sindikunena kuti oyilo aliyense wa galimoto amawononga kilatchi, ena amayenda naye zaka popanda vuto, koma pa kilatchi imene yayamba kale kutopa, oyilo woteroyo amangoimaliza.

Oyilo wa m'njingayo mukhetseni injini ili yofunda, mu mbale yoyera, ndipo musathamangire kumutaya. Mununkhizeni. Fungo lopserera ndi tizinyalala takuda ndi zizindikiro za mapuleti amene akutha. Kunyezimira pang'ono padzuwa n'kwachibadwa. Zidutswa zachitsulo zoti mungazitole ndi zala ndiye nkhani ina, ndibwererakonso kumapeto. Thirani oyilo wa 10W-40, kapena amene buku la njingayo likunena, mwana ayende ola limodzi, mukhetsenso n'kuthira wina. Kusintha kawiriko kumatsuka zotsalira za wakale uja. Poyeza mulingo njinga iime chilili, osati itatsamira pa sitandi, ndipo pa injini zotengera kapangidwe ka Honda kamtengo koyezera mumangokakhazika pakamwa osakamanga.

Chachiwiri ndi kebulo ya kilatchi, ndipo apa mpamene anthu ambiri amataya ndalama pachabe. Leva ya kilatchi iyenera kuyenda pang'ono isanayambe kukoka chilichonse. Pa njinga zambiri mpatawo ndi mamilimita 10 mpaka 20 mukayeza kunsonga kwa leva. Ukasowa mpatawu, kilatchi imakhala yofinyidwa pang'ono nthawi zonse ngakhale dzanja palibe, ndiye imaterereka ndi kupsa. Ukachuluka, leva imafika pa handulo mapuleti asanalekane, giya n'kumalimba. Pali pokonzera pawiri, pena pa leva pomwepo, pena m'munsi pafupi ndi injini. Mukakonza, khotetsani handulo mbali zonse ziwiri n'kuona ngati mpata uja ukusintha. Ine ndinasinthapo mapuleti kawiri pa njinga imodzi, kenako n'kuzindikira kuti kebulo ndinaidutsitsa polakwika, moti ndikakhotera kumanzere imadzikoka yokha. Ndinachita manyazi, koma ndinaphunzirapo. Ngati kebuloyo yayamba kuyoyoka timawaya kapena ikukokeka movutikira, gulani ina.

Mukachita ziwirizi yesani motere: giya yachitatu, liwiro lochepa, kenako perekani moto wonse. Kulira kwa injini kukakwera mwadzidzidzi njinga osathamanga, mapuleti atha. Apo tsegulani chivundikiro cha kudzanja lamanja. Kutero si kuphwasula injini, ndi ntchito ya masana amodzi, yofuna gasiketi yatsopano, ndipo pa injini zina nati ya mipata inayi imene ili ndi sipanala yakeyake. Musaigogode ndi tchizulo, mudzalira.

Mapuleti ali mitundu iwiri, achitsulo chokhachokha ndi okhala ndi zomatira zogwira. Achitsulo agonekeni pa galasi lathyathyathya n'kuyesa kulowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mipata, pansi pake. Mabuku ambiri salola kupindika kopitirira 0.1 kapena 0.2 mm. Akasanduka abuluu ngati chitsulo chochoka pamoto, musawabwezeremo. Ogwira aja akakhala osalala, onyezimira, onunkha kupsa, atha. Atsopano aviikeni mu oyilo kwa maola angapo musanawamange, chifukwa ouma amapsa tsiku loyamba lomwelo. Masipuling'i sinthani onse pamodzi, popeza kutentha kumawafooketsa ngakhale maso sangaone. Kenako yendetsani chala m'mano a basiketi, mmene mapuleti amatsetserekamo. Mukamva timikwasa ngati mano a sowo, mapuleti amakodwa mmenemo m'malo molekana. Tosazama mungatisalaze pang'ono ndi failo. Tozama ndiye basiketi yatha.

Tsopano za kutentha pakokha. Choyamba, injini yozizira ndi mphepo imatentha ndithu. Mutu wake umapitirira madigiri 100 ikugwira ntchito bwinobwino, ndiye kuona dontho la madzi likuwira pamenepo si umboni wa vuto. Chodetsa nkhawa ndi mphamvu kuchepa, utsi wa oyilo kufuka, kapena phokoso longa timiyala m'chitini mukapereka moto. Mukamva limeneli imani.

Zipsepse zachitsulo za pa silinda ndizo zimataya kutentha, ndipo zimafuna mphepo. Mumchenga, pa giya yoyamba, injini ikukuwa koma njinga ikuyenda ngati munthu wapansi, mphepo ichokera kuti? Onjezanipo matope ouma amene atseka mipata ya zipsepsezo. Achotseni ndi kamtengo ndi burashi injini itazizira, osathira madzi ozizira pa injini yotentha.

Koma chimene chimapsereza injini mwakachetechete ndi kuchepa kwa petulo poyerekeza ndi mpweya. Masulani pulagi muone nsonga yake. Yofiirira pang'ono ngati dothi louma ili bwino. Yakuda yamwaye ikutanthauza petulo wochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka. Yoyera mbee ndiyo yoopsa. Zizindikiro zina ndi izi: mukabweza moto injini imachedwa kutsika, ekizozi imaphulikaphulika potsetsereka, ndipo njinga imayenda bwinoko mutakoka choko. Kawirikawiri gwero lake ndi kajeti kakang'ono ka mu kabureta kotsekeka ndi petulo wokhalitsa, kapena mphira wolumikiza kabureta ndi injini wong'aluka umene ukuba mpweya. Injini ikulira yokha njinga itaima, poperani pang'ono mankhwala otsukira kabureta pa mphirawo. Kaliridwe kakasintha, mwapeza pobowoka. Chitani zimenezi panja, injini isanatenthe, chifukwa mankhwalawo amayaka. Jeti itsukeni ndi mankhwala ndi mpweya, osaitokosa ndi singano.

Mavavu nawo ayezeni injini itazizira. Pa injini zogona zotengera Honda Cub mpata wake umakhala pafupifupi 0.05 mm, pa zina ndi wokulirapo, choncho tsatirani buku. Vavu ya ekizozi yothina sikhala bwino pampando wake, ndiye imalephera kutaya kutentha, ndipo njinga imavuta kuliza ikatentha. Pomaliza kwezani tayala lakumbuyo mulizungulitse ndi dzanja. Buleki yogwira kapena tcheni chothina zimalemetsa kainjini kakang'ono ngati kakukoka ngolo.

Pali china chimene simunandifunse, bambo, koma ndinene. Kamuoneni mwanayo akukwera. Ana ambiri amayenda zala ziwiri zili pa leva, akuifinya pang'ono osadziwa. Ena amanyamuka ndi giya yachiwiri, ena mumchenga amasewera ndi kilatchi m'malo motsitsa giya. Mungamange mapuleti atsopano lero, pakutha milungu iwiri apsanso. Ngati malo amene amakwera ndi amchenga ndi zitunda zokhazokha, ikani sipuloketi yakutsogolo yochepa ndi dzino limodzi. Liwiro lapamwamba litsika pang'ono, koma kilatchi ipuma.

Kwa ena owerenga amene njinga zawo n'zosiyana ndi iyi, mawu awiri. Zozizira ndi madzi monga Kawasaki KX65, KX85 ndi Yamaha YZ85 zilibe fani, ndiye zikaima nthawi yaitali zikulira zimawira. Pa zambiri mwa izo chotsekera rediyeta chimasunga mphamvu ya kupanikizika yokwana 1.1 bar, ndipo chikafooka madzi amawira msanga. Musachitsegule injini ili yotentha. Oyilo wa magiya akaoneka ngati mkaka, silo ya pampu ya madzi yatha. Zopanda leva ya kilatchi, monga Honda CRF50F, zili ndi kabawuti kokonzera pa chivundikiro cha kumanja: masulani nati, katembenuzeni kamodzi kumanja, bwererani kumanzere pang'onopang'ono mpaka mutamva kulimba, kenako kumanja gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira, n'kumanga nati kabawutiko katagwiridwa.

Tibwerere ku magiya anu. Injini itazima, tayala lakumbuyo lili m'mwamba, lizungulitseni ndi dzanja limodzi, lina likulowetsa magiya onse kukwera ndi kutsika. Akalowa onse, mkati muli bwino. Akavuta, yambani ndi chopondera giya chenichenicho. Njinga za ana zimagwa kawirikawiri, ndipo chopondera chimapindika n'kumakhula chivundikiro, kapena bawuti yake imamasuka mano a pa shafuti n'kumadyeka. Shafutiyo nayo imapindika. Chopondera chikamapita pansi osabwerera, sipuling'i yobweza yathyoka. Magiya akamasowa mwa apo ndi apo, onani kachitsulo konga nyenyezi ka kumapeto kwa dilamu ya magiya, kamene bawuti yake imakonda kumasuka pa injini zogonazi. Imangeni ndi mankhwala omatira mabawuti. Pa injini zimenezi sipuling'iyo ndi kanyenyeziko zili kuseri kwa kilatchi, pansi pa chivundikiro chomwe chija, choncho muzione tsiku lomwe mwatsegula.

Makaniko wanu adzakhala wolondola makamaka pa zinthu ziwiri: ngati giya imodzimodzi ikumatuluka yokha mukapereka moto, zomwe zimasonyeza mano olumikizira odyeka kapena foloko yosuntha magiya yopindika, kapena ngati mu oyilo muja munatola zidutswa zachitsulo. M'kalata yanu simunatchule chilichonse mwa ziwirizi. Mukakhetsa oyilo ndi kumasula pulagi, jambulani zonse ziwiri pamalo owala munditumizire, ndipo mundiuze kuti leva munaipeza ndi mpata wa mamilimita angati.