Tchuthi cha Disembala ku Joni: dimba la m'zidebe ndi bawo

Achimwene, funso lanu talimva. Mwati ku saiti ya zomangamanga mukutsekera pakati pa Disembala mpaka sabata yachiwiri ya Januwale, chaka chino kumudzi simupita chifukwa ndalama ya basi ya anthu asanu yavuta, mumakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba ku Turffontein pabwalo la simenti, ana ndi atatu, wa zaka 12, wa 8 ndi wa 4, ndipo kale munkakonda dimba ndi bawo. Mukufuna chochita nawo chosadya ndalama zambiri.

Malangizo athu ndi akuti mubwerere ku ziwiri zomwezo. Nyengo ya kuno mu Disembala imagawa yokha tsiku pawiri. M'mawa kumacha bwino, koma masiku ambiri ikamakwana 3 kapena 4 koloko mitambo imasonkhana, ziphaliwali n'kuyamba, mvula n'kukhuthuka. M'mawa ukhale wa dimba, nthawi ya mvula ikhale ya bawo.

Musanayambe chilichonse lankhulani ndi eni nyumba. Nkhani ya madzi ndi imene imadanitsa anthu pa yadi, ndiye auzeni kuti zidebe ndi zisanu ndi chimodzi ndipo muzithirira ndi botolo, osati paipi. Ndi bwino kutero ndithu, chifukwa kuyambira Seputembala mpaka Malichi mzinda umaletsa kuthirira ndi paipi pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo.

Zidebe zabwino ndi za malita 20 zija zotsala pa saiti. Sankhani za penti ya madzi, muzitsuke mpaka penti yonse itachoka. Za penti ya mafuta, za phula kapena za mankhwala otsekera madenga zisiyeni. Pansi pa chidebe chilichonse boolani mabowo asanu ndi atatu a mamilimita 10, ndiye muchikhazike pa njerwa ziwiri. Njerwazo zili ndi ntchito ziwiri: madzi amatuluka bwino, komanso simenti ikatentha masana siwotcha mizu. Chidebe chosaboola, mvula ya masiku awiri ndi yokwanira kuoletsa mizu yonse, masamba n'kuchita chikasu, inu n'kumaganiza kuti akufuna feteleza.

Pa dothi pokha tikupemphani musaumire. Mbali yanuyo ya kummwera kwa tauni ili pafupi ndi milu ija ya mchenga wa m'migodi yakale ya golide, ndipo mchenga umenewo uli ndi zinthu zoopsa monga uranium ndi arsenic. Musakumbe dothi pamalo opanda nyumba kuti mudzalemo ndiwo za ana. Ngakhale dothi lofiira labwinobwino la kuno, mukaliika lokha m'chidebe limauma gwa ngati njerwa. Pa zidebe zisanu ndi chimodzi gulani matumba awiri a malita 30 a potting soil (dothi lokonzeratu lodzalamo mbewu m'zidebe), thumba limodzi la kompositi la malita 30, muwonjezere theka la chidebe cha mchenga wa kumtsinje, umene inu amisiri mumaudziwa kale. Sakanizani papepala lapulasitiki, mudzaze chidebe kusiya zala zitatu kukamwa. Manyowa a nkhuku aawisi ayi, amawotcha mbewu ndipo fungo lake likukanganitsani ndi oyandikana nawo.

Chodzala chisankhidwe poona masiku amene muli nawo. Tchuthi chanu ndi cha milungu pafupifupi inayi, ndipo mwana salimba mtima kudikira miyezi iwiri.

Bonongwe ndiye woyamba, zidebe ziwiri. M'masitolo a mbewu kuno amalemba kuti marog kapena morogo. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, choncho tsinani pang'ono ndi zala zitatu, musakanize ndi mchenga wodzaza dzanja, muwaze pamwamba n'kupondereza ndi chikhatho. Musakwirire kwambiri, ndi pamene ambiri amalakwitsa. Njere ikalowa pansi kwambiri siimera. Amamera m'masiku anayi mpaka asanu ndi awiri. Pa milungu itatu mumapatulira, zopatulirazo ndiye ndiwo zanu zoyamba, n'kusiya mitengo inayi kapena isanu m'chidebe. Imeneyo muzithyola nsonga zokha kuti iphuke nthambi, isathamangire kuchita maluwa.

Chidebe chachitatu chikhale cha khwanya. Nyemba zouma za m'sitolo, zimene kuno amati sugar beans, zimamera bwinobwino ngati sizinakhalitse. Yesani kaye khumi pa kansalu konyowa. Zikaphuka zisanu ndi ziwiri m'masiku asanu, ndi zabwino. Dzalani njere khumi, kuya masentimita atatu. Mlungu wachitatu mukhoza kuyamba kuthyola masamba anthete, koma osapitirira limodzi pa masamba atatu alionse, apo ayi mtengo umapinimbira. Mukapeza khobwe, chitani chimodzimodzi mudye chitambe, ndipo khobwe amapirira dzuwa kuposa nyemba.

Chachinayi, maungu a nkhwani. Njere zitatu, zikamera musiye ziwiri, mumange chingwe chokwera kukhoma kuti ayangire m'mwamba. Nkhwani woyamba mumuyembekezere pa mlungu wachinayi kapena wachisanu. Dzungu lalikulu m'chidebe musaliwerengere, cholinga apa ndi masamba. Zidebe ziwiri zotsalazo gulani mbande za spinach ya kunoyi, zitatu m'chidebe. Imapirira, ndipo mumangothyola masamba akunja, apakati akupitiriza kukula.

Mpiru ndi repu tikudziwa kuti mtima uli komweko, koma dikirani Malichi. Mu kutentha kwa Disembala mpiru umathamangira maluwa ndipo nsabwe zimaudzadza. Tomato ndi therere lobala zimafuna miyezi iwiri kapena kuposa.

Kunena zoona, mukadzala tsiku lotsekera ku saiti, ndiwo zoyamba mudzadya chaka chatsopano chitalowa. Ngati mukufuna bonongwe wanu pa mbale ya Khirisimasi, mbewu ilowe m'dothi kumathero a Novembala kapena masiku oyambirira a Disembala, Loweruka limodzi ndi lokwanira ntchito yonseyi.

Kuthirira ndi m'mawa, lita imodzi ndi theka kapena awiri pa chidebe tsiku lopanda mvula. Phunzitsani ana kulowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri: chikatuluka chonyowa, lero osathirira. Madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi abwino. Ochapira zovala, a sopo wa ufa kapena a Jik, ayi. Mukamatchera madzi a padenga mu diramu, likhale lotseka nthawi zonse ndi chivundikiro cholemera, chifukwa muli ndi mwana wa zaka 4. Zidebe zipeze dzuwa la maola asanu ndi limodzi. Anawo avale zipewa, poti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo dzuwa lake limawotcha khungu ngakhale mphepo ikuzizira.

Pakatha milungu iwiri chimerereni, thirani feteleza wa LAN, amene amagwira ntchito ngati CAN wa kwathu uja. Supuni yaing'ono imodzi yosasefukira pa chidebe, m'mbali mwenimweni kutali ndi tsinde, kenako madzi. Ameneyu thirani nokha. Mwana amaganiza kuti wambiri ndiye wabwino, mawa lake masamba apsa m'mphepete.

Mdani wamkulu kuno ndi matalala. Mphindi khumi zokha, nkhwani yense amasanduka nsanza. Ubwino wa zidebe ndi woti zimanyamulika: mitambo ikada bii, inu ndi wamkulu uja kokerani zonse pansi pa denga. Ngati mumachokapo kawirikawiri, mangani neti ya mthunzi ya 40 peresenti pamwamba pake. Nkhono zimadya usiku, ndiye muzituluka ndi tochi mukatha kudya n'kuzitola. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde m'mawa, fukulani dothi pafupi pomwepo, mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Nsabwe za pansi pa masamba, sungunulani supuni yaing'ono ya sopo wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, mupopere madzulo, osati dzuwa lili pamutu. Masamba a maungu akayamba kuyera ngati awazidwa ufa, thyolani odwalawo mukataye kutali, ndipo pothirira muzithira pa dothi.

Mwana aliyense akhale ndi zidebe zake ziwiri, dzina lake lilembedwe pamenepo. Chimodzi mwa za wamng'onoyo chikhale cha nyemba, chifukwa njere zake amazigwira bwino ndipo tsiku lomera amaona yekha dothi litang'ambika, kamutu kopindika katasuzumira. Wa zaka 12 asunge kope la masiku odzala, omera ndi othira feteleza.

Tsopano bawo. Musagule, pangani ndi ana, ndi ntchito ya masana awiri. Mufunika matabwa awiri a paini, lililonse masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, kuchindikala pafupifupi masentimita awiri, ndi hole saw ya mamilimita 57, kachitsulo kozungulira ka mano komanga pa drill poboola maenje aakulu. Pa thabwa limodzi lembani mizere inayi, woyamba pa masentimita 4.5 kuchokera m'mphepete, enawo motalikirana masentimita 7. Pa mzere uliwonse ikani madontho asanu ndi atatu, loyamba pa masentimita 5.5, enawo motalikirana masentimita 7. Maenje onse akwana 32. Kuyeza ndi kulemba apatseni ana, drill ikhale m'manja mwanu. Boolani mpaka kansonga kapakati katulukire kuseri, mutembenuze thabwa, mumalizire mbali inayo. Mukaboola ulendo umodzi paini amanyotsoka potulukira, ndipo kamtengo kotsala pakati pa maenje ndi kopyapyala, kamathyoka msanga. Kuu, dzenje lachisanu kuchokera kumanzere kwa wosewera pa mzere wake wakutsogolo, likonzeni ndi tchizulo likhale la ngodya zinayi.

Thabwa lobooka lija limateni pa linzake ndi guluu wa matabwa, mutsendereze ndi njerwa usiku wonse. Vuto la bawo yopanga chonchi ndi loti pansi pa dzenje pamakhala ngodya, nkhomo zimakanirira potola. Matani ngodyazo ndi wood filler (phala lomatira mabowo a matabwa) pogwiritsa ntchito chala kuti dzenje likhale ngati kambale, ikauma mukwecheko ndi sandipepala, kenako vanishi kawiri. Nkhomo zikhale 64. Mabulo amachita bwino, koma muziwawerenga pomaliza masewera n'kuwatsekera m'botolo pamwamba, chifukwa wamng'ono akhoza kumeza. Zida zikasowa, dulani matileyi awiri a mazira muwalumikize akhale mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nkhomo zake nyemba.

Ana musawayambitse ndi malamulo a akuluakulu a kuu ndi nkhomo za m'manja, atopa tsiku loyamba. Yambani ndi yophweka: ziwiriziwiri m'dzenje lililonse. Wosewera amatola dzenje la nkhomo ziwiri kapena kuposa, n'kumagwetsa imodziimodzi mozungulira mizere yake iwiri. Yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona. Ikagwera muli zina, amatola n'kupitiriza, ndipo ngati ndi pa mzere wakutsogolo moyang'anana ndi dzenje la mnzake lomwe muli nkhomo, amadya za mnzakeyo. Amene mzere wake wakutsogolo watha, kapena alibe poyendera, wagonja. Muziwerenga nawo mokweza m'Chichewa. Ana obadwira kuno ambiri amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi kapena m'Chizulu, ndipo pa bawo lilime limamasuka lokha. Musamawalekerere kuti apambane. Chotsani nkhomo zinayi kumbali yanu poyamba, ndiye musewere zenizeni.

Zokayenda, kawiri pa tchuthi chonse ndi kokwanira. Ku Zoo Lake ndi ku Johannesburg Botanical Garden ku Emmarentia kulowa ndi kwaulere, mumangonyamula mkeka, mpira ndi chakudya cha kunyumba. Pa 16 ndi pa 26 Disembala komanso pa 1 Januwale kumadzaza, sankhani tsiku la pakati pa sabata. Nyamukani m'mawa kuti pofika 2 koloko mukhale mukubwerera. Bingu likagunda musabisale pansi pa mtengo, ndipo ana asasewere m'ngalande kapena m'mbali mwa mitsinje ngati Jukskei, madzi ake amadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kutali.

Amayi a kunyumba nawonso tchuthi chiwafike. Tengani masiku awiri pa sabata oti kukhitchini mukhale inu ndi ana. Kusadzula nkhwani wa zaka 8 akhoza, ndipo nsinjiro zikasowa, supuni ziwiri zazikulu za chiponde chopanda shuga, zosungunula m'madzi ofunda, zimatendera bwino poto wa banja lonse. Za pa Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku, gulani mpunga, mafuta ndi makala sabata isanafike, chifukwa pa 23 ndi 24 m'masitolo ndi m'mataxi simupumika.

Ndalama ya Disembala iyenera kukufikitsani kumathero a Januwale. Tsiku lolandira lomwelo patulani lendi ya Januwale, yunifolomu, nsapato ndi makope, poti sukulu zimatsegulira pakati pa mweziwo, thiransipoti yanu ya milungu iwiri yoyamba, ndi yotumiza kumudzi. Kumeneko ino ndi nyengo ya feteleza wobereketsa, ndiye itumizeni msanga igwire ntchito yake. Yotsalayo ndiye ya chikondwerero.

Mukabwerera ku saiti, kuthirira kusamukire madzulo ana akaweruka, wamkulu akhale woyang'anira. Bonongwe muzifesa chidebe chimodzi milungu itatu iliyonse mpaka Febuluwale. Mu Malichi zulani nyemba ndi maungu, muwonjezere kompositi manja anayi m'chidebe chilichonse, mufese mpiru ndi repu, zimene zimapirira chisanu cha kuno chikayamba mu Meyi.